Zipsera za pa mtovu: kuchoka ku Stockholm mpaka ku Cambridge

Lolemba, Stockholm

Vinterviken ndi kachigwa kopapatiza kumwera chakumadzulo kwa Stockholm, kotsetserekera ku nyanja ya Mälaren. Mukatsika sitima ya pansi pa nthaka ku Aspudden, kwatsala n'kuyenda pang'ono chabe. Masiku ano kuli anthu othamanga, agalu a pa chingwe ndi timinda ta maluwa. Alfred Nobel, pofuna pomanga fakitale yake ya zophulika, sanasankhe malowa chifukwa cha kukongola ayi. Anaona matanthwe ataliatali mbali zonse ziwiri, nati kukaphulika, zidutswa zizithera m'chigwa momwemu. Anali ndi chifukwa: pa 3 Sepitembala 1864 nitroglycerin, mankhwala amadzimadzi osachedwa kuphulika, inaphulika ku Heleneborg, mu mzinda womwewu, n'kupha anthu asanu kuphatikizapo mng'ono wake Emil. Fakitale ya ku Vinterviken inayamba ntchito chaka chotsatira, ndipo mu 1867 Nobel analembetsa dainamaiti, yomwe ndi nitroglycerin yomwetsedwa m'dothi lopepuka lotchedwa kieselguhr kuti isamaphulike ndi kugwedezeka kulikonse.

Chimene chandibweretsa kuno si fakitaleyo. Ndi mapanga obooledwa m'thanthwe kunsonga kwa chigwachi, momwe ankayesera zophulika. Ndalowamo, muli chinyontho ndi mdima, ndipo funso la ulendo wonsewu landigwira ndili momwemo: chinthu chimene chimayamba n'kutha munthu asanaphethire, chimene chimaononga chida chilichonse chimene mwachiyandikizitsa, mumachiyeza bwanji?

Anthu ambiri amaganiza kuti zophulika n'zoopsa chifukwa zili ndi mphamvu zambiri. Manambala akukana. Kilogalamu imodzi ya TNT, chophulika chodziwika kwambiri, imatulutsa mphamvu yokwana mamegajuli pafupifupi 4.2. Kilogalamu imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa pafupifupi 45, kuposa kakhumi. Koma petulo amadikira okosijeni wa mu mpweya kuti amufikire, ndiye amapsa pang'onopang'ono. TNT ndi nitroglycerin zili ndi okosijeni wawo m'kati mwa molekyu, sizidikira aliyense. Tengani ndodo ya TNT ya magalamu 200, yotalika masentimita 20. Kuphulika kumayenda m'kati mwake pa liwiro la mamita pafupifupi 6,900 pa sekondi, choncho ndodo yonse imatha pa magawo 29 okha mwa magawo 1 miliyoni a sekondi. Mukagawa mphamvu yake ndi kanthawi kameneko mupeza mamegawati pafupifupi 29,000. Damu la Three Gorges ku China, lomwe ndi lalikulu kuposa onse pa nkhani ya magetsi, limafika pa 22,500. Kandodo kokwana m'dzanja kamaposa damulo, kungoti kwa kanthawi kosaoneka ndi maso.

Kufulumira kumeneku ndi kumene kumaswa. Akatswiri amakutcha brisance, ndipo n'kosiyana ndi mphamvu yokankha.

Lachiwiri, m'sitima yopita ku Germany

Tsiku la pampando. Kunja kuli nkhalango ndi tinyanja ta kumwera kwa Sweden, miyala ya granite ili mbwee. Miyala yomweyi yandikumbutsa kuti pali anthu amene safuna brisance ngakhale pang'ono. Odula miyala ikuluikulu yomangira ndi yosema ziboliboli akhala akugwiritsa ntchito onga wakuda kwa zaka zambiri dainamaiti itabwera kale. Onga suphulika mofanana ndi TNT. Umapsa mofulumira, mpweya wake n'kukankha mwala mpaka kung'ambika motsata msempha wake. Dainamaiti ikanaswa mwalawo m'kati monse, ming'alu yosaoneka n'kudzaonekera kwa wosema patapita nthawi.

Galasi la pa windo mukhoza kulikankha ndi chikhatho mpaka lichoke lonse lamphumphu m'felemu mwake. Mukaligogoda ndi nyundo, ngakhale simunatope nalo, limangoti phwaa. Onga ndi chikhatho, TNT ndi nyundo. Malire ake ali pa liwiro la phokoso m'kati mwa chinthu chophulikacho. Moto ukamayenda pang'onopang'ono kuposa phokoso, mbali ya kutsogolo imamva kuti kukubwera zinthu ndipo imayamba kusuntha. Ukathamanga kuposa phokoso, palibe chenjezo. Funde lopanikiza limangofika, kupana mankhwalawo, kuwatenthetsa, iwo n'kusanduka mpweya, ndipo mphamvu yotulukayo ndi imene imakankhanso fundelo kupita patsogolo.

Lachitatu, Berlin

Ndinapita ku Unter den Eichen kukaona nyumba za BAM, bungwe la boma la Germany loyeza zipangizo. Si malo a alendo, ndangoziona ndili kunja. Zoyesa zazikulu amachitira ku Horstwalde, m'nkhalango za Brandenburg. Koma Berlin ndi kofunika pa nkhaniyi, chifukwa pa msonkhano wa akatswiri a kemisitiri umene unachitika kuno mu 1903 anagwirizana miyezo ya njira ya Trauzl, kuti zotsatira za dziko lina zizitha kuyerekezedwa ndi za dziko lina.

Njirayi anaiyambitsa Isidor Trauzl wa ku Austria, ndipo ndimaikonda chifukwa cha kuphweka kwake. Mumaumba chibulumwa cha mtovu chooneka ngati ng'oma, masentimita 20 m'litali ndi 20 m'mimba mwake, cholemera makilogalamu pafupifupi 70. Pakati pake pali bowo. M'bowomo mumaika magalamu 10 okha a chinthu chimene mukuyesa, kutseka ndi mchenga, kuphulitsa. Mtovu ndi wofewa, suthetheka. Umangofufuma m'kati ngati mimba. Kenako mumathiramo madzi n'kuona kuti bowolo lakula ndi makyubiki sentimita angati. TNT imakulitsa ndi pafupifupi 300. Nitroglycerin imadutsa 500.

Taonani nzeru yake. Sanayese n'komwe kuona kuphulikako. Anangopeza chinthu chimene chimasunga chipsera, n'kuyeza chipseracho modekha, utsi utatha.

Vuto n'lakuti chibulumwa cha Trauzl chimayankha funso lina. Chimakuuzani ntchito yonse imene mpweya wotentha wagwira pofufumitsa mtovu, osati ukali wa kumenya koyambirira. Umboni wake ndi aluminiyamu. Mukasakaniza ufa wa aluminiyamu m'chophulika, kutentha kumachuluka ndipo bowo la Trauzl limakula, koma kuswa kumachepa, chifukwa aluminiyamu amapsa mochedwa, funde loyamba litadutsa kale. Ndiye kunabwera njira zina. Ya Hess, ya ku Austria komweko: kaguwa ka mtovu, pamwamba pake mbale yachitsulo, pamwamba pa mbaleyo chophulika, popanda chotsekera chilichonse. Mukaphulitsa, kaguwako kamaphwatalala ngati bowa, inu n'kuyeza kuti kafupika mamilimita angati. Poti palibe chotsekera, mpweya wochedwa umangothawira m'mwamba. Chimene mtovu walemba ndi nkhonya yoyamba yokha. Hermann Kast, amene ankagwira ntchito kuno ku Berlin, anachita zofananako ndi kachidutswa ka mkuwa kopanidwa ndi pisitoni yachitsulo. Ku America ankaphulitsa kachinthu kakang'ono m'kati mwa mchenga wosefedwa bwino, n'kusefanso kuti aone kuchuluka kwa mchenga umene wapereka. Pambuyo pake ku labotale ya Los Alamos, ku America komweko, anazolowera kuphulitsa pa mbale yochindikala yachitsulo n'kuyeza kuya kwa dzenje lotsalapo.

Mukatenga zophulika zingapo n'kuziika pa mndandanda motsatira Trauzl, kenako motsatira Hess, mindandandayo sifanana. Ine ndikuona kuti apa ndi pamene pagona nkhani. Munthu akakufunsani kuti champhamvu kwambiri n'chiti, muyenera kumufunsa kaye kuti akufuna kuchita nacho chiyani: kudula chitsulo, kapena kusuntha phiri la dothi.

Kast anayesanso kuika brisance m'masamu. Anati chulukitsani zinthu zitatu: kuthinana kwa chinthucho, kutanthauza kulemera kwake pa kukula kwake, mphamvu ya mpweya wotuluka, ndi liwiro la kuphulika. Sinali fomula yochokera pansi pa fizikisi, inali yongofuna kuti manambala agwirizane ndi zipsera za pa mkuwa. Komabe analoza kolondola, makamaka poikamo kuthinana. Chophulika chomwecho chikakhala ufa wotayirira chimaswa pang'ono kuposa chikakhala chothinana.

Lachinayi, kulowera ku Paris

Sitima inadutsa ku Mannheim. Tsidya lina la Rhine kuli Ludwigshafen, ndipo Oppau ndi gawo la mzinda umenewo. Pa 21 Sepitembala 1921 nkhokwe ya feteleza wosakaniza ammonium nitrate ndi ammonium sulfate inaphulika kumeneko n'kupha anthu oposa 500. Fetelezayo ankauma gwa, ndipo antchito ankamuphwanya ndi timabomba ting'onoting'ono. Anali atachita zimenezi kambirimbiri popanda ngozi, ndipo zoyesa za m'labotale zinkasonyeza kuti msanganizowo suphulika. Koma kuyesa magalamu ochepa sikunena zonse za matani zikwizikwi. Pali zinthu zimene funde la kuphulika limazima m'kati mwake zikakhala zochepa, chifukwa mphamvu imathawira m'mbali, koma zikaunjikana mulu waukulu fundelo limapitirira.

Ndafika ku Paris usiku, miyendo itatupa.

Lachisanu, Sevran

Sitima ya RER B imakufikitsani ku Sevran-Livry, kumpoto chakum'mawa kwa Paris. Kumene kunali fakitale ya boma ya onga, yomwe inatsekedwa mu 1973, tsopano ndi nkhalango yopumulirako. Timilu ta dothi timene ankatchingira nyumba zogwiriramo ntchito tikadalipo, mitengo itamera pamwamba. Nobel nayenso anali ndi labotale ku Sevran, ndipo kuyandikana kwake ndi fakitale ya boma kunam'bweretsera milandu atagulitsa onga wake wopanda utsi, ballistite, ku Italy. Mu 1891 anasamukira ku San Remo, komwe anamwalirira mu 1896.

Afalansa anachita zambiri pa kuyeza liwiro lenileni la kuphulika. Cha mu 1881, Marcellin Berthelot ndi Paul Vieille, komanso Ernest Mallard ndi Henry Le Chatelier, anapeza kuti moto woyenda mu mpweya wosakaniza m'chipaipi chachitali umatha kusintha mwadzidzidzi n'kuyamba kuthamanga mamita zikwi zingapo pa sekondi, ndipo liwirolo silisinthanso. Mallard ndi Le Chatelier ankafufuza ngozi za m'migodi ya malasha. Funso linali lakuti: n'chifukwa chiyani msanganizo uliwonse uli ndi liwiro lakelake lokhazikika? David Chapman ku England mu 1899 ndi Émile Jouguet ku France mu 1905 anayankha aliyense payekha. Fundelo limakhazikika pa liwiro limene mpweya wopsa kale, woonedwa kuchokera pa fundelo, ukuchoka pa liwiro la phokoso ndendende. Zikatero, chilichonse chochitika kumbuyo sichingathamange n'kulipeza fundelo kuti chilifooketse. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri, Zeldovich ku Soviet Union, von Neumann ku America ndi Döring ku Germany anaonjezera chithunzichi, nawonso mosauzana: kutsogolo kuli funde lopana, kumbuyo kwake kagawo kopyapyala komwe mankhwala akupsera.

Koma chimene ndakhala ndikuchilingalira pa benchi lero ndi njira ya Dautriche, injiniya wa zaonga wa kuno ku France, ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Analibe wotchi yotha kuwerenga magawo a miliyoni a sekondi. Ndiye anasandutsa nthawi kukhala mtunda. Anatenga chingwe chophulika chimene liwiro lake ankalidziwa kale. Nsonga zake ziwiri anazilowetsa m'chinthu choyesedwacho, motalikirana mtunda wodziwika, ndipo pakati pa chingwecho anagoneka pa mbale ya mtovu, atalemba mzere pakatikati penipeni. Kuphulika kukafika pa nsonga yoyamba, moto umalowa m'chingwe. Kukafika pa yachiwiri, moto wina umalowa kuchokera mbali inayo, mochedwerapo pang'ono. Mafunde awiriwo amakumana pa mbale paja n'kusiya mzere wakuya, osati pakati, koma chakumbali ya nsonga yochedwayo. Tiyerekeze kuti nsongazo zatalikirana masentimita 10, chingwe chimathamanga mamita 7,000 pa sekondi, ndipo mzere wapezeka masentimita 7 kuchoka pakati. Funde loyamba layenda masentimita 14 kuposa linzake. Ndiye kuti pa nthawi imene chingwe chimayenda 14, chinthu choyesedwacho chayenda 10, ndipo liwiro lake ndi mamita 5,000 pa sekondi. Rula ndi mtovu basi. Lero amagwiritsa ntchito mawaya, zingwe za kuwala ndi makamera othamanga kwambiri, koma ndikukayika ngati pali njira ina yokongola kuposa imeneyi.

Mukadziwa liwiro ndi kuthinana, kupanikiza kwa pa funde mukhoza kukuyerekeza pa pepala. Pa zophulika zothinana bwino, lamulo lachidule ndi ili: kuthinana, kuchulukitsa ndi liwiro, kuchulukitsanso ndi liwiro lomwelo, kugawa ndi 4. TNT: makilogalamu 1,600 pa kyubiki mita, liwiro 6,900. Yankho ndi magigapasiko pafupifupi 19, kutanthauza kupanikiza kwa mpweya umene tikupumawu kuchulukitsa ka 190,000. Chitsulo chimagonja pa kagawo kochepa chabe ka nambala imeneyo, n'chifukwa chake pamenepo chimayenda ngati phala. Tsopano tengani ANFO, msanganizo wa ammonium nitrate ndi mafuta monga dizilo, imene migodi yambiri imagwiritsa ntchito: kuthinana cha m'ma 850, liwiro cha m'ma 4,000. Yankho silifika magigapasiko 4. Pa kilogalamu, mphamvu ya ANFO sitalikirana kwambiri ndi ya TNT, koma nkhonya yake ndi yochepa kasanu. Amigodi sadandaula nazo. Iwo akufuna mwala ung'ambike n'kusuntha, osati usanduke fumbi pafupi ndi bowo mphamvu yonse n'kuthera pomwepo.

Poti liwiro lalowa kawiri m'fomulayi, kusintha pang'ono kwa liwiro kumasintha kwambiri kuswa. Mu 1968 Kamlet ndi Jacobs ku America anasonyeza kuti pa zophulika za kaboni, haidrojeni, naitrojeni ndi okosijeni, liwiro ndi kupanikiza zikhoza kuyerekezedwa bwino ndithu kuchokera pa kuthinana, kutentha kotuluka, ndi kuchuluka ndi kulemera kwa mpweya wotuluka. Kast anangotsala pang'ono kufika pomwepo.

Loweruka, London kenako Cambridge

Ndadutsa pansi pa nyanja ya pakati pa France ndi England, m'njira ya sitima imene pafupifupi yonse inabooledwa ndi makina osati mabomba, poti thanthwe la kumeneko ndi la choko, lofewa. Ku Cambridge kukugwa mvula yamawawa. Ndangoyenda pang'ono mu Free School Lane, kamsewu kopapatiza komwe kunali labotale yakale ya fizikisi yotchedwa Cavendish, n'kubwerera kukagona.

Lamulungu, Cambridge

Anthu amabwera mu Free School Lane chifukwa ndi momwe anatulukira elekitironi ndi kapangidwe ka DNA. Ine ndabwerera Bertram Hopkinson, pulofesa wa uinjiniya amene anamwalira pa ngozi ya ndege mu 1918. Mu 1914 iye anafalitsa njira yoyezera osati kukula kokha kwa nkhonya ya chophulika, koma kutalika kwa nthawi yake. Anapachika mtengo wautali wachitsulo, kunsonga kwake n'kumatako kachidutswa kakafupi ka chitsulo chomwecho ndi girizi chabe. Mukaphulitsa ku nsonga inayo, funde lopanikiza limayenda m'chitsulomo pa mamita pafupifupi 5,000 pa sekondi, kulowa m'kachidutswako, kugunda mapeto n'kubwerera litasanduka funde lokoka. Girizi sangapirire kukokedwa, ndiye kachidutswako kamauluka katanyamula gawo la fundelo. Poyeza liwiro lake, n'kubwereza ndi tizidutswa totalika mosiyanasiyana, Hopkinson ankatha kujambula m'mene kupanikiza kumakwerera ndi kutsikira pa nthawi. Kubwerera kwa funde kumeneku ndi kumene kumachititsa kuti khoma la konkire lisendeke kumbuyo kwake, mbali imene bomba silinaikhudze. Konkire ndi miyala zimapirira kupanidwa koma n'zofooka pokokedwa, ndipo kuswa kwambiri kumachitika pa kukokako.

Dzina la Hopkinson lilinso pa lamulo lina, la 1915, limene Carl Cranz ku Germany analipezanso payekha. Kuti mumve kupanikiza kofanana pa mtunda wotalika kakhumi, chophulika chiyenera kuchuluka ka 1,000. Kilogalamu imodzi pa mamita 10 ikufanana ndi tani imodzi pa mamita 100. Mitunda yotalikitsira nkhokwe za zophulika ndi nyumba za anthu imawerengedwa ndi lamulo limeneli mpaka lero.

Masana ndinadutsa pa Trinity College, koleji ya G. I. Taylor, katswiri wa masamu ndi fizikisi. Mu 1941 boma la Britain linamufunsa zimene zingachitike mphamvu yaikulu kwambiri itatuluka pamalo amodzi nthawi imodzi. Iye anaona kuti kukula kwa mpira wa moto kungadalire zinthu zitatu zokha: mphamvuyo, nthawi imene yadutsa, ndi kuthinana kwa mpweya. Pali njira imodzi yokha yosanjira zitatuzi kuti yankho lituluke m'mamita, ndipo imanena kuti nthawi ikachuluka ka 32, mpirawo umakula kanayi. Zithunzi za bomba la atomu loyamba, lophulitsidwa ku New Mexico pa 16 Julayi 1945, zitatulutsidwa poyera zili ndi nthawi ndi sikelo yake, Taylor anayeza mpirawo pa chithunzi chilichonse napeza matani a TNT pafupifupi 16,800. Anafalitsa zimenezi mu 1950. Nambala ya boma la America inali cha m'ma 20,000. Enrico Fermi, katswiri wa fizikisi amene analipo tsikulo, anagwetsa tizidutswa ta pepala funde likudutsa, naona m'mene tasunthira, nayerekeza 10,000.

Onani kuti m'masamu a Taylor mulibe liwiro la kuphulika, mulibe kuthinana kwa bomba, mulibe brisance. Patali, mpweya umangodziwa kuchuluka kwa mphamvu yonse. Za m'mene inatulukira, waiwala. N'chifukwa chake mawu akuti "zofanana ndi matani akutiakuti a TNT" ali ndi tanthauzo mukamakamba za mawindo osweka makilomita angapo kutali, koma amasocheretsa mukamakamba za chitsulo kapena thanthwe logundana ndi chophulikacho. Nyuzipepala zimakonda nambala imodzi imeneyi, ndipo sizinena kuti yayezedwa ndi kupanikiza, kapena ndi kukankha konse, kapena ndi dzenje lotsala pansi, pomwe chilichonse mwa izi chimapereka yankho lake.

Za ku Beirut, ku Lebanon, zinasonyeza zomwezi. Pa 4 Ogasiti 2020 ammonium nitrate imene inalembedwa kuti inali matani 2,750 inaphulika pa doko. Akatswiri a pa yunivesite ya Sheffield anatenga mavidiyo a m'mafoni a anthu, kupeza pamene aliyense anaima, n'kuwerenga nthawi imene funde linatenga kuti limufike. Anapeza mphamvu yofanana ndi matani a TNT pafupifupi 500, ndipo anati ikachulukitsitsa singapitirire kwenikweni 1,100. Ena amene anagwiritsa ntchito makina oyezera zivomezi, kapena kukula kwa dzenje, anapeza manambala ena. Makina a zivomezi amamva gawo lokhalo limene lalowa m'nthaka, ndipo kuphulika kwa pamtunda kumataya yambiri mu mpweya. Dzenje nalo limadalira ngati pansipo panali thanthwe, mchenga kapena dothi lothiridwa m'nyanja, monga zimakhalira pa madoko ambiri.